Tchizi wa ku America ndi wa ku Ulaya: Wokoma ndi Uti?

Lero tikambirane za chakudya chimene ambirife timangochiona m'mafiriji a m'masitolo akuluakulu a m'tauni, kuwerenga mtengo wake, kenako n'kupitirira osatenga. Ndikunena tchizi. Kwa eni ake, kutsidya kwa nyanja, chakudya chimenechi chimautsa mkangano wosatha. Anthu a ku France ndi ku Italy amanena poyera kuti a ku America sadziwa kupanga tchizi, chomwe amadziwa n'kukulunga zinthu m'mapulasitiki basi. A ku America nawo amabweza moto, amati anzawowo ndi odzimva, amatamanda ndi fungo loipa lomwe chifukwa choti ndi la makolo awo. Tiyeni tiuzenge mlandu umenewu modekha, ndipo ine maganizo anga ndiwanena mosapsatira.

Poyamba timvane kuti tchizi n'chiyani. Aliyense amene anaonapo chambiko akudziwa kale theka la nkhaniyi. Mkaka ukasasa umagawikana pawiri, mbali ina imaundana, ina imatsala madzi okhaokha. Wopanga tchizi amayambira pomwepo. Amathira mu mkaka mabakiteriya osankhidwa bwino kuti usase, kenako amathiramo rennet, mankhwala achilengedwe amene kuyambira kale amatengedwa m'chifu cha thole loyamwa, ndipo mkakawo umagwirana. Amaucheka tizidutswatizidutswa, kukhetsa madzi, kuthira mchere, kupsinja, n'kuusiya kuti ukhwime. Kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba pamalowa malita 10 a mkaka kapena kuposerapo, ndiye mtengo uja usamakudabwitseni. Njira imeneyi ndi imodzi ku Wisconsin ku America ndi ku Normandy ku France komwe. Kusiyana kumabwera pa zimene ng'ombe yadya, pa mkaka ngati autenthetsa kapena ayi, ndiponso pa kuleza mtima kwa mwini wake.

Kuti mumvetse chimene a ku Ulaya amanyadira, tiyeni tipite kumpoto kwa Italy, m'dera la Parma, Reggio Emilia ndi Modena, kumene amapanga Parmigiano Reggiano. Kumeneko ntchito imayamba madzulo. Mkaka wokamidwa madzulo amausiya m'zotengera zazikulu zaphanthiphanthi usiku wonse kuti mafuta ayandame okha pamwamba. M'mawa amawengula mafutawo n'kusakaniza mkakawo ndi wina wongokamidwa kumene, m'mipoto ikuluikulu ya kopa. Mpoto umodzi umalowa malita pafupifupi 1,100 ndipo umatulutsa zigulumwa ziwiri zokha, chilichonse cholemera makilogalamu pafupifupi 40. Mkakawo sautenthetsa kuti aphe majeremusi, ndipo lamulo limaletsa kudyetsa ng'ombezo udzu wovunditsa m'maenje. Zimadya udzu wauwisi ndi wouma, wambiri mwa iwo wolimidwa m'dera lomwelo. Chigulumwa chija amachiviika m'madzi amchere kwa milungu pafupifupi itatu, kenako amachiika pa alumali, n'kumachitembenuza ndi kuchipukuta mwezi ndi mwezi.

Pakatha miyezi 12 pamabwera katswiri wa bungwe loyang'anira tchiziyu, atanyamula kanyundo kakang'ono. Amagogoda chigulumwa chilichonse mbali zonse, khutu lili tcheru. Kaliridwe kake ndi kamene kamamuuza ngati m'kati muli mng'alu kapena mphako. Chimene chakhoza amachidinda chizindikiro ndi chitsulo chamoto. Chimene chalepheratu amachipala khungu kuti dzina lija lichokepo, chikagulitsidwe ngati tchizi wamba. Ambiri amamusunga mpaka miyezi 24 ngakhale 36. Ndipo tchiziyu sachekedwa ngati buledi. Amamubaya ndi timipeni tifupitifupi mozungulira mpaka atang'ambika yekha, m'kati n'kuoneka mwa nsengwansengwa. Mukamatafuna mumamva timiyala tating'onoting'ono tikuphwanyika m'mano. Ena amayesa ndi mchere, koma ayi, ndi zomanga thupi za mu mkaka zimene zasweka pang'onopang'ono pa zaka ziwiri zija n'kuumbika timibulu. Ndi chuma chenicheni moti banki ina ya kumeneko, Credito Emiliano, imalandira zigulumwa zimenezi ngati chikole cha ngongole, n'kuzisunga m'nkhokwe zake mpaka zitakhwima.

Tikawoloka mapiri kulowa ku France, m'dera la Jura pafupi ndi malire a Switzerland, tikupeza Comté. Kumeneko alimi ang'onoang'ono amapereka mkaka wawo tsiku ndi tsiku ku kanyumba kopangira tchizi ka m'mudzi mwawo, kamene eni ake ndi alimi omwewo mogwirizana. Ng'ombe zake ndi za mitundu iwiri yokha, Montbéliarde ndi Simmental, ndipo iliyonse iyenera kukhala ndi msipu wosachepera hekitala imodzi. Zigulumwa zake zimakhwimira pa matabwa m'zipinda zozizira, zina m'malinga akale a asilikali monga Fort Saint-Antoine. Chimene chimandisangalatsa ine pa Comté n'chakuti amasintha ndi nyengo. Wopangidwa m'chilimwe cha kumeneko, ng'ombe zikudya msipu wobiriwira ndi maluwa a m'phiri, amakhala wachikasu ndiponso wonunkhira zipatso. Wopangidwa m'nyengo yachisanu, ng'ombe zili m'khola zikudya udzu wouma, amakhala wotuwirako, ndi kakomedwe ka mtedza wokazinga. Dzina ndi limodzi, koma lilime limakuuzani kuti uyu ndi wa mwezi wina, uyu wa mwezi wina.

Kummwera kwa dzikolo kuli Roquefort, wopangidwa ndi mkaka wa nkhosa. Uyu ndi uja wa mizere yobiriwira m'kati. Mizereyo ndi nkhungu, inde nkhungu yeniyeni, imene amaithira dala, n'kubaya tchiziyo ndi singano zazitali kuti mpweya ulowe, nkhunguyo imere. Amakhwimira m'mapanga a phiri la Combalou, mmene ming'alu yachilengedwe ya m'thanthwe imalowetsa mpweya wozizira ndi wachinyezi chaka chonse. Mu 1925 dziko la France linakhazikitsa lamulo loteteza dzina la Roquefort, ndipo anakhala tchizi woyamba kulandira ulemu wotere. Mu 1992 mayiko a European Union anakhazikitsa dongosolo lofanana nalo kwa onse. Kuyambira pamenepo mayina ambiri a tchizi wa ku Ulaya ali ngati pangano lolembedwa: mkaka wachokera m'dera lakutilakuti, ku ziweto zakutizakuti, ndipo wapangidwa mwanjira yakutiyakuti. Wophwanya panganolo amakayankha ku khoti.

Tsopano tiwoloke nyanja ya Atlantic. Anthu a ku America sanayambe tchizi pawokha. Anabwera naye ndi anthu osamuka ku England, Switzerland, Germany ndi Italy, aliyense ndi luso la kwawo. Koma anapeza dziko lalikulu zedi, mizinda ili kutali ndi mafamu, mafiriji kulibe. Vuto lawo silinali lakuti tchizi akome bwanji, linali lakuti afike bwanji kwa wogula asanawonongeke. Mu 1851 mlimi wina dzina lake Jesse Williams anatsegula fakitale ya tchizi ku Rome, m'chigawo cha New York, n'kumasonkhanitsa mkaka wa anansi ake pamalo amodzi. Mafakitale otere anafalikira msanga. Kenako mu 1916 James L. Kraft, amene ankagulitsa tchizi pa ngolo ya hatchi mumzinda wa Chicago, analembetsa njira yake yogaya tchizi, kumusungunula pamoto n'kumuthira m'zitini kuti akhale nthawi yaitali osavunda. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma la America linagula zitini zochuluka zedi za asilikali ake, ndipo anyamatawo atabwerera kwawo anali atazolowera kale kakomedwe kameneka.

Mdzukulu wa tchizi wa m'zitini uja ndi timapepala tachikasu tija tokulungidwa kamodzikamodzi m'pulasitiki, timene dziko lonse limatitcha tchizi wa ku America. Mukawerenga bwino pa paketi ya Kraft Singles mupeza kuti ngakhale eni ake sakutchula kuti ndi tchizi weniweni, amalemba kuti ndi chopangidwa kuchokera ku tchizi, chifukwa malamulo a dziko lawo lomwe sawalola. Apa ndi pamene a ku Ulaya amasekera chikhakhali.

Koma asaseke kwambiri. Oyamba kusungunula tchizi ndi mchere wapadera womuthandiza kuti asalekane ndi mafuta ake anali anthu a ku Switzerland, Walter Gerber ndi Fritz Stettler, mu 1911. Ndipo tchizi wofewa uja wa timakona titatu, wa chithunzi cha ng'ombe yofiira yoseka, La Vache qui rit, amene amagulitsidwa m'mayiko ambiri muno mu Africa, anabadwira ku France mu 1921, m'dera lomwe lija la Jura kumene kumachokera Comté. Tchizi wa m'fakitale ali mbali zonse ziwiri za nyanja. Ndiye kutenga kapepala kachikasu ka ku America n'kukayerekeza ndi Parmigiano wa zaka ziwiri, umenewo si mlandu wozengedwa mwachilungamo.

Ndiponso kapepala kachikasuko ndikaikire kumbuyo pang'ono. Kanapangidwa kuti kagwire ntchito imodzi, kusungunuka, ndipo ntchitoyo kamaigwira bwino kwambiri. Ikani cheddar wokhwima bwino pa nyama yamoto ya hamburger muone: mafuta amatuluka n'kuyenderera, chotsalacho chimauma n'kumatafunika movuta. Ikani kapepala kaja: kamafewa mofanana ponseponse, kamakuta nyamayo mpaka m'mphepete, osalekana. Kodi n'kokoma kukadya pakokha? Ayi ndithu, kamangomveka mchere ndi mafuta. Koma sikanapangidwire zimenezo.

Chinthu chimene chimalekanitsadi mbali ziwirizi, chomwe ambiri sachitchula, ndi lamulo la mu 1949. Ku America tchizi aliyense wopangidwa ndi mkaka wosatenthetsa ayenera kukhwima masiku osachepera 60 asanagulitsidwe, kaya ndi wopangidwa konko kaya wochokera kunja. Kwa tchizi wolimba palibe vuto, Parmigiano ndi Comté amalowa bwinobwino. Koma taganizirani za Camembert de Normandie, tchizi wofewa wa khungu loyera, amene amapangidwa ndi mkaka wosatenthetsa, kuuthira m'zikombole ndi chipande pang'onopang'ono, ndipo amakhala atapsa pakangotha milungu itatu kapena isanu. Pofika tsiku la 60 ubwino wake umakhala utapita. Choncho munthu wa ku Chicago amene sanatulukepo m'dziko lake sanalawepo Camembert wa mtundu umenewu, ngakhale atakhala ndi ndalama zotani. Amene amagula m'sitolo ndi wa mkaka wotenthetsa, wofatsa, wosanunkha kwambiri. Kutenthetsa mkaka kumapha majeremusi oyambitsa matenda, ndipo zimenezo si zamasewera, n'chifukwa chake ngakhale ku France amayi oyembekezera amalangizidwa kupewa tchizi wofewa wa mkaka wosatenthetsa. Koma moto susankha. Umaphanso tizilombo tabwino ta m'khola limenelo ndi msipu umenewo, timene timapatsa tchizi fungo lakelake.

Pa nkhani ya fungoyi ndipatuke pang'ono. Pali tchizi wina monga Époisses wa ku France kapena Limburger, amene amamutsuka khungu kawirikawiri akamakhwima. Ukatsegula, anthu m'nyumba amayamba kuyang'anana kumapazi. Sakulakwitsa, chifukwa mabakiteriya amene amamera pa khungu la tchizi wotere ndi achibale a amene amanunkhitsa mapazi a munthu. Chodabwitsa n'chakuti m'kamwa amakhala wofatsa ndi wonona kusiyana ndi mmene mphuno inakuopsezerani. Ndipo Limburger ameneyu amapangidwanso ku America, m'tauni ya Monroe ku Wisconsin, kumene kunakhazikika anthu ochokera ku Switzerland.

Wisconsin ndiye likulu la tchizi ku America. Chigawo chimodzi chimenechi chimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a tchizi yense wa m'dzikolo, ndipo munthu sangapange tchizi wogulitsa kumeneko popanda laisensi. Ochemerera timu yawo ya Green Bay Packers amavala zipewa zooneka ngati chidutswa cha tchizi kumutu. Ku Wisconsin n'kumene kunabadwira tchizi wa Colby mu 1885, pamene California inapereka Monterey Jack. Onse awiriwa ndi ofewa, ofatsa, okhwima msanga, oti mwana aliyense angadye osakwinya nkhope. Tchizi amene America imapanga wochuluka kuposa wina aliyense ndi mozzarella, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa, ndi pizza. Mtundu wa lalanje uja wa cheddar wawo usakunyengeni kuti ndi chizindikiro cha kukhwima. Ndi utoto wochokera ku njere za mtengo wa annatto, ndipo pa kakomedwe susintha kanthu kwenikweni.

Nkhani ikanathera pamenepa, Ulaya akanapambana mosavuta. Koma cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku America kunadzuka anthu ena amene anatopa ndi tchizi wa m'fakitale. Mayi wina wa ku California, Laura Chenel, anakaphunzira ku France n'kuyamba kupanga tchizi wa mkaka wa mbuzi mu 1979. Mu 1983 kunakhazikitsidwa bungwe la American Cheese Society. Ku Wisconsin famu ya Uplands inayamba kupanga Pleasant Ridge Reserve, ndipo imamupanga m'miyezi yokhayo imene ng'ombe zili kubusa, msipu ukatha ntchito imaima. Ku Vermont abale a pa famu ya Jasper Hill anakumba zipinda zokhwimitsira tchizi m'phiri. Tsiku lalikulu linafika mu 2019, pa mpikisano wa World Cheese Awards umene unachitikira ku Bergamo, m'dziko la Italy lenilenilo. Pa mitundu ya tchizi yoposa 3,800, oweruza amene ankalawa osaona dzina anasankha Rogue River Blue wa ku Oregon kukhala katswiri wa dziko lonse. Aka kanali koyamba kuti tchizi wa ku America atenge ulemu umenewu. Ndi tchizi wa nkhungu yobiriwira, wopangidwa m'nyengo ya kugwa kwa masamba yokha, wokulungidwa m'masamba a mpesa oviikidwa mu mowa wa zipatso za peyala wa kumeneko.

Komatu taonani mmene anapambanira. Msipu, nyengo, malo amodzi, kudikira. Anapambana potsata njira ya ku Ulaya, n'kuwonjezapo ufulu umene mlimi wa ku Jura alibe. Wopanga Comté sangadzuke m'mawa n'kuganiza zokulunga tchizi wake m'masamba a mpesa, lamulo lomuteteza lija ndi lomwenso limamumanga manja. Mnzake wa ku Oregon palibe womuletsa. Apa America ili ndi mwayi weniweni.

Pa mayina ndiye mkangano sunathe. Mu 2005 khoti la European Union linagamula kuti dzina lakuti feta ndi la Greece yokha. Mu 2023 khoti la apilo ku America linagamula mosiyana pa Gruyère, linati kumeneko dzinali ndi la mtundu chabe wa tchizi, aliyense angaligwiritse ntchito. A ku America amati agogo awo anabwera ndi mayina amenewa m'masutikesi, nanga awasiyirenji? Mfundo yawo ndi yomveka, makamaka mukakumbukira kuti Cheddar ndi mudzi wa ku Somerset ku England, koma lero cheddar akupangidwa ku New Zealand, ku Ireland, ku South Africa, popanda wodandaula. Koma kwa wogula zotsatira zake n'zakuti ufa uja wa m'kachitini wolembedwa parmesan, wosakanizidwa ndi zoletsa kuti usagwirane, umatchedwa dzina lofanana ndi chigulumwa chija chogogodedwa ndi nyundo, pamene m'kamwa n'zinthu ziwiri zosayandikana n'komwe.

Ndiye wokoma ndi uti? Muyeso wabwino si tchizi wopambana mendulo, koma amene munthu wamba amagula Loweruka popita kunyumba. Rogue River Blue ndi wosowa ndipo ndi wodula kwambiri, anthu ambiri a ku America sanamuonepo. Pamene banja wamba la ku Lyon ku France limagula Comté mu supamaketi ya pafupi ndi nyumba, la ku Bologna ku Italy limapala Parmigiano pa pasta tsiku lililonse osaona ngati n'chachilendo. Pa muyeso umenewo Ulaya ali patsogolo, ndipo ali patsogolo ndi mtunda wautali.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba, zimene timapeza kawirikawiri m'masitolo kuno ndi cheddar, gouda ndi mozzarella, wambiri wochokera ku South Africa. Yambani ndi gouda, ndi wofatsa. Mukamuzolowera funani cheddar wolembedwa kuti wakhwima miyezi yambiri. Amene mkaka umakutsegulani m'mimba musaope kwambiri tchizi wolimba wokhwima, chifukwa shuga wa mu mkaka amene amavutitsa uja wambiri amachoka ndi madzi, wotsalayo amadyedwa ndi mabakiteriya pokhwima. Mutulutseni m'firiji ola lathunthu musanadye, chifukwa kuzizira kumatseka fungo, ndipo chidutswa choyamba mudye pachokha musanaike pa buledi.

Chigamulo changa ndi ichi. Pa hamburger, ndipatseni kapepala kachikasu ka ku America, sindichita nako manyazi. Pa tchizi wa nkhungu, Oregon waonetsa kuti akhoza kuima phewa ndi phewa ndi Roquefort. Koma mutandiuza kuti ndisankhe mmodzi yekha woti ndidye popanda china chilichonse, ndikutenga Comté wokhwima miyezi 18, Parmigiano Reggiano wa miyezi 24 akubwera pambuyo pake.